Funsani a Mestre: Injini ya Datsun ikupsereza platinado

FUNSO

A Mestre, ndikulemba kuchokera ku Dómuè. Bambo anga atamwalira anandisiyira Nissan 1400, pikapu yomwe ndimanyamulira mbatata ya kachewere kupita ku Ulongué, nthawi zina mpaka ku msika wa Kwachena ku Tete. Injini yake inagogoda chaka chatha, ndiye ndinagula ina ya Datsun 1200 kwa munthu wina ku Dedza. Inabwera ndi disitibyuta yake (chogawa moto) ya platinado, timilomo tiwiri tachitsulo todula magetsi. Galimoto yangayi kale inalibe platinado, inali ndi kabokosi ka magetsi. Mnyamata amene anandiikira anachotsa kabokosiko n'kulumikiza waya wa disitibyuta ku bobina (koyilo yotulutsa moto) yomwe inalimo kale. M'mawa ikalira imakoka bwino, koma tikayenda pang'ono imayamba kutsokomola kenako n'kuzima, bobina itatentha yosagwirika. Platinado tasintha katatu, onse akupsa. Amalume akuti anandigulitsa injini yakufa, ndikabweze. Kodi ndibwezedi?

Wowerenga wa ku Dómuè, Angónia

YANKHO

Achimwene, pepani ndi za bambo, ndipo mwachita bwino kusaigulitsa galimotoyo. Injiniyo musabweze. Injini yakufa siilira m'mawa n'kukoka bwino. Imafuka utsi wabuluu, imamwa oyilo, imagogoda. Yanuyi ikuzima chifukwa moto ukuithera panjira, ndipo ine ndikuloza chala bobina imene munaisiya m'galimotomo. Amalume muwauze mwaulemu kuti wa ku Dedza uja pa ichi alibe mlandu.

Injini ziwirizi ndi za banja limodzi. Ya Nissan 1400 ndi A14, ya 1397 cc, ndipo mapikapu amenewa ankapangidwa ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008. Ya Datsun 1200 ndi A12, ya 1171 cc. Nchifukwa chake mnyamata wanu anatha kuikhazika. Zitsulo zinagwirizana, koma magetsi sanawafunse.

M'kati mwa bobina muli mawaya awiri okulungidwa, wina wokhuthala wina wowonda kwambiri. Magetsi a batire amadutsa mu wokhuthalawo, ndipo akadulidwa mwadzidzidzi, wowonda uja umatulutsa ma volt masauzande ambiri opita ku mavela (mapulagi). Ntchito ya platinado ndi kudulako basi, kutseka ndi kutsegula. Njira imeneyi ndi ya Charles Kettering, ndipo inalowa mu Cadillac mu 1910. Kabokosi kaja nako kamadula, koma ndi transistor, yomwe ilibe milomo yoti ipse, ndipo mabokosi ambiri amaletsa okha magetsi kuti asapitirire muyeso. Makampani atayamba kuika mabokosiwa, monga Chrysler yomwe inawaika m'magalimoto ake onse mu 1973, ambiri anayambanso kupanga bobina zolola magetsi ambiri kudutsa, podziwa kuti pali mlonda.

Tiwerengere limodzi. Platinado amakhala bwino ndi ma amp pafupifupi 4. Batire ndi ya ma volt 12, ndiye njira yonse ya magetsiwo iyenera kukhala ya ma ohm (muyeso wa mmene waya amaletsera magetsi) pafupifupi 3, chifukwa 12 kugawa ndi 3 ndi 4. Bobina zambiri za kabokosi zili pansi pa ohm imodzi. Tinene kuti yanuyo ndi ya 0.8: 12 kugawa ndi 0.8 ndi ma amp 15, ndipo injini ikamayenda alitaneta imakweza magetsi kufika ma volt 14. Mlonda munamuchotsa, n'kusiya timilomo tiwiri tachitsulo kuti tidule zonsezo kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Kuli ngati kupatutsira mtsinje wonse wa Revúbuè mu ngalande ya kudimba. Tengani platinado mmodzi mwa atatu aja mumuyang'ane padzuwa. Mupeza milomo yada kapena yachita buluu, mbali ina yakumbika kadzenje, ina yamera kaphiri, mwinanso kapulasitiki kokhuza pa kamu (chitsulo chozungulira chotsegula platinado) kasungunuka. Bobina nayo ikatentha imafooka, ndiye kutsokomola kuja. Ikazizira imabwerera, nchifukwa chake m'mawa imakunamizani.

Musanagule chilichonse, bwerekani mita kwa okonza mawailesi kapena mafoni pa msika wa Ulongué. Chotsani mawaya onse pa bobina, ikani mita pa ma ohm, muyambe mwagundanitsa timitengo take tiwiri kuti muone nambala yomwe ikuonetsa yokha. Mamita otchipawa amaonetsa 0.3 kapena 0.4 popanda kanthu, ndipo nambalayo muichotsere. Kenako yezani pakati pa timabawuti tiwiri ta bobina, ka + ndi ka −. Pa bobina za Bosch palembedwa 15 ndi 1. Ikaonetsa pafupifupi 3, imeneyo ndi ya platinado ndipo imalandira ma volt 12 mwachindunji. Ikaonetsa pafupifupi 1.5, ndi ya platinado koma imafuna rezisita patsogolo pake, kachidutswa koyera kooneka ngati choko chachikulu kokhala ndi mapini awiri, nakonso ka ma ohm pafupifupi 1.5. Ikaonetsa 1 kapena kutsika apo, isayandikirenso platinado. Mukamagula yatsopano mupite nayo mitayo kusitolo. Zolembedwa pa katoni ine ndinasiya kuzikhulupirira.

Tsopano njira zilipo ziwiri, ndipo sindibisa yomwe ndikuikonda. Funso langa loyamba ndi lakuti, kodi injini yogogoda ija ili kuti? Ngati ikadali pansi pa mtengo kwanuko, disitibyuta yake ili momwemo, ndipo kabokosi kaja mwina kali m'thumba la mnyamata wanu. Kazitengeni lero. Zulani disitibyuta zonse ziwiri muzigoneke pambali pa inzake pa thebulo. Yerekezani kutalika kwa mwendo wolowa mu injini, mano a giya ya kunsi, ndi kachitsulo komangira bawuti. Zikafanana, ikani ya magetsiyo mu A12, mubwezeretse kabokosi ndi mawaya ake monga zinalili nthawi ya bambo. Mawaya a galimotoyo, bobina ndi kabokosi zinazolowerana kale, injini ndiyo mlendo, ndiye mlendo ndi amene atsate za pakhomo. Mukatero mwathana nako kusintha platinado, ndipo m'mawa wa June, chisanu cha ku Angónia chitagwira, idzalira msanga chifukwa moto wake ndi wamphamvu. Bobinayo poti yapsa kangapo muiyang'anitsitse. Ngati yatupa kapena ikudontha mafuta, gulani ina ya ma ohm ofanana nayo. Kabokosiko kakhale pa chitsulo choyera bwino chopanda dzimbiri, kutali ndi ekizozi, chifukwa chimene chimapha mabokosiwa ndi kutentha ndi kusagwira bwino kwa waya wa ku bodi.

Zikapanda kufanana, kapena kabokosi katasowa, khalani pa platinado. Si zamanyazi. Anthu ayenda nawo zaka zambirimbiri, ndipo ubwino wake ngwakuti akavuta pakati pa tchire mumakonza ndi sikuludiraiva ndi kachidutswa ka sandipepa, pomwe kabokosi kakafa kafa. Gulani bobina ya ma ohm 3, ndiyo yosavuta kulumikiza. Mukapeza ya 1.5 yokha, ikani rezisita pa waya wochokera ku kiyi, ndipo injini ikamayenda pa + pazioneka ma volt apakati pa 7 ndi 9. Pamenepo pamafunikanso waya wina wolambalala rezisitayo pa nthawi yoliza yokha, chifukwa sitata ikamazungulira imatsitsa batire, ndipo bobina imafuna zonse zotsalazo. Anyamata ambiri amauiwala waya umenewu, kenako mwini galimoto n'kumaimika pa chitunda masiku onse kuti azikankha.

Kondensa musinthe pamodzi ndi platinado. Kamgolo kakang'ono kaja ndi kamene kamameza moto wofuna kudumpha pa milomo ikamatseguka, ndipo kakafooka ngakhale bobina yoyenera imapsereza platinado. Mpata wa platinado pa A12 ndi 0.45 mpaka 0.55 mm kamu itawatsegula mpaka pamapeto. Yezani ndi fila geji (timapepala tachitsulo toyezera mpata), osati ndi diso. Pakani kagirizi kochepa kwambiri pa kamu, kongonyezimiritsa, chifukwa pakauma kapulasitiki kaja kamadyeka, mpata n'kutsekeka wokha. Mpata wa mavela ukhale 0.8 mm. Ndipo chizolowezi chokhala pa msika kiyi ali pa ON mukumvera wailesi chithe. Platinado akaima ali otseka, magetsi amangodutsa osadulidwa, ndipo bobina imaphikika galimoto ili chiimire.

Njira iliyonse mungatsate, taimingi iyambidwenso. Mavela amalandira moto motsatana 1-3-4-2, nambala 1 ndi wa kutsogolo kufupi ndi fani. Zungulitsani injini ndi dzanja muone komwe rota (kachala kozungulira m'kati mwa disitibyuta) ikulowera musanasanje mawaya. Chotsani vela woyamba, tsekani bowo ndi chala, zungulitsani mpaka mpweya ukankhe chalacho, kenako fikitsani chizindikiro cha pa pule pa madigiri 5 mpaka 7 pisitoni isanafike pamwamba. Pa platinado simufunika makina. Kababu ka ma volt 12 kokhala ndi mawaya awiri nkokwanira: waya wina pa − ya bobina, wina ku bodi, kiyi pa ON, tembenuzani disitibyuta pang'onopang'ono mobwerera komwe rota imachokera mpaka kababu kangoyaka, mangani pomwepo. Pa kabokosi pezani wa nyale ya taimingi.

Apa pali msampha umene ngwathu ife a kumtunda. Ulongué ili pamwamba, mamita opitirira 1,000, mpweya ngwopepuka komanso wozizira, ndipo injini imalola kuti muitsogozere moto kwambiri osadandaula. Amisiri ena amaitchera ndi khutu pomwepo, ikumveka yamphamvu, mwini wake n'kukondwa. Ndiye mutsike nayo pa Mussacama, mudutse Moatize, mufike ku Tete m'mphepete mwa Zambezi mu October kutentha kutapitirira madigiri 40. Mukaponda mafuta muli ndi katundu mudzamva kulira kwa tizitsulo m'kati mwa injini, ngati wina akugwedeza misomali. Kulira kumeneko kumaboola mapisitoni. Mukakumva imani, masulani disitibyuta, mubwezere moto m'mbuyo pang'ono. Galimoto yopita ku Kwachena itcheredwe za ku Tete, osati za ku Dómuè.

Zina nzachidule. Alitaneta, kachipangizo koyeza kutentha ndi ka oyilo, chotsani pa injini yakale muike pa A12, kuti mageji a pa dashibodi azinena zoona. Ma alitaneta akale a Datsun ali ndi regyuleta yapadera kunja, ndipo kuwasakaniza ndi mawaya a galimoto yatsopano kumaphika batire. Mavavu muwatchere pa 0.35 mm injini ili yotentha. Musaiwalenso kuti mwatsika ndi ma cc opitirira 200. Matumba amene bambo ankakweza musawakwanitse onse, ndipo pobwerera kuchokera ku Tete muzitsitsa giya msanga pa zitunda m'malo moikakamiza.

Pomaliza, livrete yanu (buku la galimoto) ili ndi nambala ya injini yakale. Sungani kalata yogulira injiniyi ndi mapepala olowetsera pa malire a Calómuè, mupite nazo ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, akasinthe. Wapolisi wa pamsewu akatsegula boneti n'kupeza nambala zosiyana, nkhani ya ma ohm simuthandiza.

FUNSO

A Mestre, ndili ndi Land Rover Series III ya petulo. Ndinachotsa platinado n'kuika disitibyuta ya magetsi, ndipo wondiikira anawonjezera rile (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) kuti bobina izilandira magetsi okwanira. Chiyambire pamenepo ndikazimitsa kiyi, ngakhale kumuzula, injini imangoyendabe bwinobwino. Ndimachita kuizimitsa ndi giya. Mnzanga akuti ndizizula waya wa batire.

Wowerenga wa ku Moatize

YANKHO

Bambo, mnzanuyo musamumvere. Kuzula batire injini ikuyenda kumatha kupsereza alitaneta ndi disitibyuta yatsopanoyo nthawi imodzi.

Mwanena kuti imayenda bwinobwino, ndipo mawu amenewo andithandiza. Ikanakhala ikudumphadumpha ndi kugwedezeka, ndikanati ndi mwaye wotentha m'mutu mwa injini kapena aidulo yokwera. Yoyenda mosalala ikulandirabe magetsi. Akuchokera ku alitaneta, kudzera pa kababu kofiira ka batire ka pa dashibodi, n'kubwerera mu waya wa kiyi. Timagetsi timeneti ntochepa, sitikanatha kuyendetsa bobina ya platinado, nchifukwa chake kale simunkaona vutoli. Koma rile imafuna zochepa kwambiri kuti ikhalebe yotseka.

Yesani chonchi: injini ili yozima, zulani kawaya kowonda ka kababuko kumbuyo kwa alitaneta. Pa Land Rover ngati mawaya sanasinthidwe ndi kabulawuni kokhala ndi mzere wachikasu. Lizani, kenako zimitsani kiyi. Ikazima, mwamupeza. Gulani diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) ya 1N5408 kwa okonza mawailesi, muidulire pa waya womwewo, mbali yokhala ndi kamzere koyera iloze ku alitaneta. Muwotcherere ndi soda, osangopota, ndipo mukulunge bwino ndi tepi chifukwa fumbi la malasha la kwanuko limalowa paliponse. Mukaitembenuza, kababu sikayaka mukatsegula kiyi ndipo batire mwina siitchajidwa, ndiye muone kuti kakuyaka musanalize ndi kuzima injini ikalira.