Mafayilo azichokera mkati: musatsegule port 21 kapena 445 pa router yanu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mu ofesi muli makompyuta asanu, onse amapeza intaneti kudzera pa router ya SIM, ndipo mukufuna kuti madzulo aliwonse mafayilo a akaunti ndi zikalata zosikana zizifika pa seva ya kulikulu. Mwayesa FTP, njira yakale yotumizira mafayilo pa netiweki, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya FileZilla: dzina ndi pasiwedi zikuvomera, koma ikafika poonetsa mafoda imangoima mpaka nthawi kutha. Kenaka wina wakuuzani kuti mutsegule port 21 ndi 445 (port ndi khomo la nambala lomwe mauthenga a pa netiweki amalowera) kuti a kulikulu azidzitengera okha. Zimenezo musachite, ndakupemphani. Langizo langa ndi lakuti kompyuta ya mu ofesi mwanu ndiyo iziyamba kuitana seva ya kulikulu n'kutumiza mafayilo kudzera pa SSH, njira yolumikizira makompyuta imene imabisa zonse zodutsamo, kaya ndi SFTP kapena rsync. Mukatero, pa firewall yanu simudzatsegula kalikonse.

Chikuchitika n'chiyani? Makompyuta anu ali ndi maadiresi oyamba ndi 192.168, kapena 10, kapena pakati pa 172.16 ndi 172.31. Maadiresi amenewa anapatulidwa mu 1996, m'chikalata cha RFC 1918, kuti azigwira ntchito m'manetiweki a mkati mokha, ndipo pa intaneti sayenda. Router yanu ndiyo imawasintha potuluka kuti onse aoneke ngati adiresi imodzi. Ntchito imeneyi ndiyo NAT. Firewall nayo ili ngati mlonda wa pageti: wa m'nyumba akamatuluka amamulemba, akabwera ndi katundu amamutsegulira, koma mlendo amene palibe wamuitana amam'bweza. Choncho chilichonse choyambira mkati chimadutsa pamodzi ndi yankho lake, pomwe choyambira kunja chimatsakamira pageti.

FTP ndi yakale kuposa zonsezi. Abhay Bhushan anailemba koyamba mu 1971, ndipo ndondomeko imene ikutsatidwa mpaka pano ndi ya mu 1985, nthawi imene kompyuta iliyonse ya pa netiweki inkatha kuitana inzake mwachindunji. Imagwiritsa ntchito njira ziwiri zosiyana. Ya pa port 21 imanyamula malamulo okha, monga dzina, pasiwedi ndi pempho la fayilo. Mafayilo enieniwo, ngakhalenso mndandanda wa mafoda, amadzera njira yachiwiri yomwe imatsegulidwa mwatsopano nthawi iliyonse. Mu active mode, kompyuta yanu imauza seva kuti "ndiitane pa adiresi yakuti", seva n'kuyesa kuitana kuchokera pa port 20. Adiresi yomwe yapatsidwayo ndi ya 192.168 ija, yosafikika, ndipo ngakhale ikanakhala yolondola firewall ikanakana. N'chifukwa chake mumalowa bwinobwino koma mafoda osaoneka.

Mungathe kusintha FileZilla kuti ikhale pa passive mode, pomwe kompyuta yanu ndiyo imatsegula njira zonse ziwiri. Steven Bellovin analimbikitsa zimenezi kale mu 1994, ndipo nthawi zambiri zimathandiza. Koma ngati seva ya kulikulu nayonso ili kuseri kwa NAT, vuto limangosamukira kumeneko: seva imakutumizirani adiresi yake ya mkati, kapena imasankha port imene firewall yawo sinatsegule. Pamenepo woyang'anira seva ayenera kupatula ma port angapo a passive, kuwatsegula onse, ndi kuuza seva adiresi yake yeniyeni ya kunja. Zimatheka, koma mukamaliza ntchito yonseyo mudzakhalabe ndi njira yomwe imatumiza pasiwedi ndi mafayilo a malipiro a antchito poyera, osabisa ngakhale chilembo chimodzi. FTPS imabisa, komano ikabisa router siithanso kuwerenga malamulo aja kuti ithandize kutsegula njira yachiwiri, ndiye mavuto a firewall amangowonjezeka. Firefox inachotseratu FTP mu 2021, Chrome nayonso inaisiya. Ine sindingayambe ntchito yatsopano ndi FTP lero.

Port 445 ndiye yoopsa kwambiri. Ndi ya SMB, njira imene Windows imagawirana mafoda mkati mwa ofesi. Mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kanafalikira kudzera pa port imeneyi, n'kutseka mafayilo m'maiko oposa 100. Ku Britain zipatala zambiri za boma (NHS) zinachita kubweza odwala. Mpaka lero pali makina amene usana ndi usiku amangoyendayenda pa intaneti kufufuza 445 yotsegula. Kuchepa kwa ofesi sikuteteza, chifukwa makinawo sasankha, amayesa adiresi iliyonse.

Ndiponso n'kutheka kuti ngakhale mutatsegula, palibe chingalowe. Makampani ambiri a mafoni sapereka adiresi ya poyera kwa SIM iliyonse. Amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa NAT yawoyawo, yotchedwa CGNAT. Lowani mu router muone adiresi ya WAN, ndiye kuti adiresi ya router ya mbali ya kunja. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikayamba ndi 10, kapenanso ikasiyana ndi imene masamba oonetsa IP akukuuzani, dziwani kuti pamwamba pa router yanu pali NAT ina imene inu mulibe nayo mphamvu. Zikatero port forwarding, kutsegula port pa router kuti a kunja afike pa kompyuta ya mkati, ndi kungotaya nthawi.

Tsopano njira imene ndikukulangizani. SSH anaipanga Tatu Ylönen ku Finland mu 1995, ndipo OpenSSH, imene pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito, inayamba mu 1999 pansi pa OpenBSD. Ubwino wake pa nkhani yanuyi ndi woti zonse, malamulo ndi mafayilo omwe, zimadzera njira imodzi, port 22, zili zobisika, ndipo njirayo imatsegulidwa ndi kompyuta yanu. Dzina lisakusokonezeni: SFTP si FTP yowonjezera chitetezo, ndi njira ina yosiyana yomwe imayenda mkati mwa SSH. FileZilla yomweyo imaidziwa, mungosintha protocol. WinSCP nayonso ndi yabwino, ndipo ili ndi mwayi woti mungalembe script, kafayilo ka malamulo, n'kuipereka kwa Task Scheduler ya Windows kuti izidziyendera yokha madzulo. Windows 10 ndi 11 zimabweranso ndi ssh, scp ndi sftp mkati momwemo.

Ntchito yotsegula khomo ikhale ya kulikulu, komwe kuli adiresi yokhazikika ndi munthu woyang'anira seva. Muwapemphe zinthu izi: akaunti yapadera ya nthambi yanu, yotsekeredwa m'foda yake yokha, yosatha kuona za nthambi zina, komanso kulowa ndi kiyi osati pasiwedi. Kiyi mumapanga nokha polemba ssh-keygen -t ed25519. Pamatuluka mafayilo awiri. Yothera ndi .pub ndiyo mumatumiza kulikulu. Inayo isachoke pa kompyuta imene yapangidwira, isayende pa WhatsApp, isakhale pa flash. Tsiku loyamba kulumikiza, pulogalamu idzakuonetsani fingerprint ya seva, chizindikiro chachifupi cha kiyi ya sevayo, n'kufunsa ngati mukuivomereza. Anthu ambiri amangodina yes. Inu imbani foni kulikulu akuwerengereni, muyerekeze, chifukwa pamenepo ndi pokhapo potsimikizira kuti mukuyankhula ndi seva yanudi. Ikadzasintha mtsogolo popanda kukuuzani, imani kaye mufunse.

Ngati mu ofesi muli kompyuta ya Linux, ngakhale yakale yomwe inangokhala pakona, kapena mungaike WSL, yomwe imayendetsa Linux mkati mwa Windows, ndiye rsync ndiyo ndingasankhe kuposa zonse. Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa mu 1996, ndipo inapangidwira ma laini ochedwa. Imayerekeza zimene zili kwanu ndi zimene zili kulikulu, n'kutumiza zokhazo zimene zasintha, ngakhale kachigawo chabe ka fayilo yaikulu. Kwa ife amene timawerengera bandulo, phindu lake ndi loonekeratu. Lamulo lake likhoza kuoneka chonchi:

rsync -avP --bwlimit=200 /ofesi/zotumiza/ nthambi@seva:zolandira/

Chilembo P chimachititsa kuti fayilo yoduka pakati isatayidwe. Magetsi akazima kapena netiweki ikathawa mutatumiza theka, ulendo wotsatira theka lija limagwiritsidwa ntchito m'malo moyambiranso. Mbali ya bwlimit imaletsa rsync kudya laini yonse, kuti anzanu athe kutsegula imelo. Samalani ndi kamzere kotsiriza pa dzina la foda: kakakhalapo, zimapita ndi za mkati mwa foda, kakasowa, imapita foda yonse ndi dzina lake. Anthu ena adzakuuzani kuwonjezera z kuti zipanikizike; pa mafayilo a malemba imathandiza, koma pa JPEG ndi PDF zosikana palibe chimene mungapindule popeza n'zopanikizika kale. Ndipo --delete musaiyike mpaka mutamvetsa bwino, chifukwa imafufuta kulikulu chilichonse chimene kwanu kulibe. Yambani mwayesa ndi -n, imene imangoonetsa zomwe zikanachitika osakhudza kanthu. Chinthu chimodzi choti mugwirizane ndi a kulikulu: rsync iyenera kukhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo akaunti yotsekeredwa pa SFTP yokha singayendetse rsync. Akafuna kuilola mosamala, pali kapulogalamu ka rrsync kamene kamaitsekera m'foda imodzi.

Werengeraninso nthawi musanalonjeze abwana. Liwiro limene amalengeza ndi lotsitsira, pomwe inu mukufuna lokwezera, lomwe kawirikawiri ndi lochepa. Tiyerekeze kuti mumakweza pa 2 Mbps. Mafayilo a 2 GB adzatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 13. Koma ngati muli ndi 200 GB ya zaka zam'mbuyo, amenewo ndi masiku oposa 9 osalekeza. Zakalezo zikopereni pa hard drive yotsekedwa ndi BitLocker kapena VeraCrypt, munthu wodalirika apite nayo, akaziike pa seva, ndipo rsync izingotumiza zatsopano kuyambira pamenepo. Pofuna kutsimikiza kuti fayilo yofunika yafika yathunthu, yerekezani SHA-256 yake, mndandanda wa zilembo ndi manambala womwe umasintha fayilo ikasintha pang'ono pokha, mbali zonse: pa Linux ndi sha256sum, pa Windows ndi certutil -hashfile dzina SHA256.

Mwina muyankha kuti kulikulu nakonso kulibe adiresi ya poyera, kapena kuti nthawi zina a kumeneko amafunadi kulowa kuti atenge fayilo masana. Apo yankho ndi VPN, ngalande yobisika yolumikiza maofesi kudzera pa intaneti, osati kuboola firewall. WireGuard, VPN ya Jason Donenfeld, inalowa mu Linux 5.6 mu 2020. Ndi yopepuka ndipo siivutika adiresi ya SIM ikasintha. Imafuna mbali imodzi yofikika, yomwe ingakhale kaseva kakang'ono kobwereka pa intaneti, maofesi onse awiri n'kumakaitana kuchokera mkati. Mbali ya kuseri kwa NAT muiike PersistentKeepalive ya masekondi 25 kuti router isaiwale njirayo. Ngati mulibe munthu woti azisamalira zimenezi, Tailscale imagwiritsa ntchito WireGuard yomweyo koma imadzipezera yokha njira yodutsa NAT, ndipo ikalephera imadzera pa maseva ake olandirira, zinthu zikadali zobisika. Choipa chake n'chakuti mukudalira kampani ina pa nkhani ya amene aloledwa kulowa, ndiye onani kaye ngati malamulo a bungwe lanu akuvomereza. Ngakhale mkati mwa VPN, musapereke netiweki yonse. Lolani kompyuta imodzi yosungira mafayilo basi.

Palinso Syncthing, pulogalamu yabwino, yaulere, yodutsa NAT popanda vuto. Koma ntchito yake ndi kufananitsa mafoda, osati kusunga zakale. Wina akafufuta fayilo mwangozi, kapena kachilombo kakaiwononga, kusinthako kumafikanso kulikulu mwamsanga. Mukaisankha, foda ya kwanu ikhale send only (yotumiza chabe), ya kulikulu ikhale receive only (yolandira chabe), ndipo kumeneko muyatse file versioning, yomwe imasunga makope akale a fayilo. Chenjezo lomweli likhudzanso rsync: fayilo yowonongeka imakalowa m'malo mwa yabwino pokhapokha seva izisunga makope a masiku am'mbuyo pamalo amene akaunti yanu singathe kulembapo. Google Drive ndi OneDrive nazo zimadutsa firewall mosavuta chifukwa zimayenda pa port 443, ndipo pulogalamu ya rclone ingathe kutumizako yokha. Kungoti zikalata za antchito ndi makasitomala zisapite pa akaunti ya munthu payekha. Tsiku limene adzasiye ntchito, mafayilo adzapita naye, komanso m'Malawi muno tsopano muli lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024.

Pali kanjira kena kamene mudzakumana nako mukamafufuza, ssh -R, komwe kompyuta ya mkati imatsegula ngalande yoti wakunja abwerere nayo mkati. Kamagwira ntchito, koma ngati firewall ya mu ofesiyo inaikidwa ndi a IT a bungwe lanu, kutsegula ngalande yotere osawauza ndi kuzembera chitetezo chimene anaika dala. Kambiranani nawo kaye. Chimodzimodzinso ngati atseka port 22 yotulukira: apempheni atsegule yopita ku adiresi ya seva imodzi yokhayo, ndi pempho laling'ono limene woyang'anira wanzeru sangakane.

Kuti ndikuthandizeni molunjika, ndiuzeni zinthu zitatu: manambala awiri oyamba a adiresi ya WAN pa router yanu (musalembe yonse), ngati seva ya kulikulu ili pa Windows kapena Linux, ndi kukula kwa mafayilo a tsiku limodzi. Zikadziwika zimenezo ndikulemberani script ya WinSCP kapena mzere wa cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yake pa Linux, wogwirizana ndi ofesi yanu.