Alawansi inatha, koma pulogalamu ikukana kuizimitsa

Mayi wina amene amakonza malipiro pa kampani yogula mtedza ndi soya ku Mchinji wanditumizira imelo. Kampani yawo inasiya kupereka alawansi ya mafuta, koma akafuna kuzimitsa variable yake (dzina loimira alawansiyo m'mafomula) mu pulogalamu ya malipiro, pakutuluka uthenga woti ikugwirabe ntchito. "Palibe akuilandira, nanga ikugwira ntchito pati?"

Mayi, pulogalamuyo sinawonongeke, ikunena zoona. Anthu anasiya kulandira ndalamayo, koma dzina lake likadali m'mafomula.

Yambani ndi fomula yophatikiza malipiro onse msonkho usanadulidwe, poti PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, imawerengedwa kuchokera pamenepo. Onaninso ya penshoni, 5% ya wantchito ndi 10% ya kampani, mwina amene anakukhazikitsirani pulogalamuyo analowetsamo alawansiyi. Kenako malipoti, ndi malipiro a mwezi uno ngati sanatsekedwe.

Koma ine ndikukayikira kwambiri antchito a nyengo yogula mbewu. Msika ukatha amapita kwawo, mayina awo n'kuikidwa pambali, koma alawansi imatsalabe pa mbiri zawo. Mndandanda umene mumatsegula tsiku lililonse nthawi zambiri umaonetsa okhawo amene ali pantchito, ndiye mukhoza kufufuza mpaka dzuwa kulowa osapeza kanthu. Chotsani sefa yobisa omwe anachoka, muwaone onse. Ngati pulogalamu yanu ili ndi chida chosonyeza paliponse pamene chinthu chagwiritsidwa ntchito, monga Where-Used List ya mu pulogalamu ya SAP, chimenecho chikufupikitsirani ulendo.

Mukapeza malo onsewa, chotsani alawansiyo m'mafomula kaye, kuzimitsa kubwere pomaliza. Ngati pali poika tsiku lothera, ikani limenelo, kuti mapeyisilipi akale asasinthe a MRA akadzafuna kuwaona.

Pali anyamata ena a IT amene amangoti "tingoifufuta mu database". Musalole. Database, nkhokwe yosunga zonse za pulogalamuyo, ikamangidwa bwino imakananso chifukwa cha foreign key, lamulo loletsa kufufuta chinthu chomwe zina zikuchidalira (mu pulogalamu ya SQL Server ndi error 547), ndipo akaikakamiza, malipoti akale amayamba kuloza chinthu chomwe kulibe. N'chimodzimodzi kufufuta dzina mu Name Manager ya Excel, mndandanda wa mayina ogwiritsidwa ntchito m'mafomula: maselo onse olidalira amangolemba #NAME?.

Sungani backup, kope la zonse zili mu pulogalamuyo, musanakhudze kanthu, ndipo yesani kaye pa kope loyeserera. Musachite izi sabata ya malipiro. Dikirani mpaka PAYE ya mwezi watha itapita ku MRA, poti imafunika kumeneko pofika pa 14 mwezi wotsatira.