Kukonza zithunzi zambiri za ukwati nthawi imodzi

Bambo wina wojambula zithunzi ku Salima wanditumizira imelo. Akuti ukwati umene anajambula unadalitsidwa m'tchalitchi m'mawa, masana akwati anakajambulitsa ku Senga Bay, ndipo madyerero anachitikira muholo madzulo. Ali ndi zithunzi zoposa 600, ndipo akufunsa ngati angathe kuzikonza zonse pamodzi, chifukwa kukonza chimodzichimodzi kukuwadyera masiku pamene eni ukwati sakuleka kuimba foni.

Bambo, njira ilipo, koma musanadine batani lililonse muyambe mwagawa zithunzizo m'magulu motsatira kuwala kwa pamalo pamene munajambulira, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Kunyanja dzuwa likafika paliwombo, kuwala kumachokera kumwamba, pamadzi ndi pamchenga pomwe, moti diresi ya mkwatibwi imayera mbee mpaka maluwa osokedwa pansaluyo osaonekanso, pamene m'maso mwa anthu mumagwa mthunzi. Muholo zinthu zimatembenuka, chifukwa kuwala kumachepa ndipo mababu ambiri amapatsa khungu mtundu wachikasu. Mukatenga zimene mwakonzera zithunzi zakunyanja n'kuziika pa za perekaniperekani, nkhope za alendo zidzada bii.

Mu Lightroom Classic, pulogalamu yapakompyuta yokonzera zithunzi ya kampani ya Adobe, sankhani chithunzi chimodzi pagulu lililonse ndipo muchikonze mofatsa, makamaka White Balance (mtundu wa kuwala), Exposure (kuwala kwa chithunzi chonse), Highlights (malo owala kwambiri) ndi Shadows (malo amthunzi). Mukakhutira nacho, sankhani zinzake za m'gulu lomwelo, kenako dinani batani la Sync m'gawo lokonzera zithunzi lotchedwa Develop. Padzatuluka bokosi lokufunsani zimene mukufuna kukopera. Pano ndikupemphani kwambiri kuti muchotse chizindikiro pa Crop (kudula m'mbali mwa chithunzi) komanso pa zofufutira zipsera pankhope, chifukwa anthu saima pamalo amodzi pazithunzi zonse, ndipo mukhoza kupeza kuti mwadula mutu wa ankhoswe pazithunzi zingapo osadziwa.

Musaope kulakwitsa, popeza Lightroom siwononga chithunzi choyambirira. Ngati munajambula mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yajambula), mtundu wa khungu umakonzeka bwino kuposa mu JPEG. Amene alibe ndalama yolipirira Adobe angagwiritse ntchito darktable, yomwe ndi yaulere ndipo nayonso imakopera zokonza kuchoka pachithunzi chimodzi kupita pazambiri.

Mukamaliza Sync, dutsanibe m'gulu lonse mukuyang'ana nkhope zokha. Mtambo ukangophimba dzuwa kwa mphindi zochepa, zithunzi za nthawi imeneyo zimatuluka zakuda pang'ono, ndipo zimenezo muzikweze Exposure pazokha musanazitumize kwa eni ukwati.