Mphatso ya ku Durban yabwera ndi ngongole

FUNSO: Zikomo amalume. Ndimagulitsa kaunjika ku Luwinga, kuno ku Mzuzu. Mlongo wanga ali ku Joni. Analemba nambala yake pakapepala pakhomo la shopu ina, kenaka anamuimbira kuti wawina tchuthi chaulere ku Durban, koma akatengere mphatsoyo kuhotela, apite ndi mkazi wake. Kumeneko anawakhazika maola atatu akuwaonetsa zithunzi za nyanja, mpaka dzana wasaina kugula sabata imodzi chaka chilichonse m'chipinda cha hotela. Akuti tisonkherane. Ndilowe nawo?

Mayi wa ku Luwinga

YANKHO: Mayi, ndalama ya mabelo isatuluke m'chikwama.

Chimene wagula mlongo wanuyo amati timeshare, malonda omwe anayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960. Sanagule nyumba ayi, wagula masiku ogonamo. Kuwina kuja inali nyambo chabe: pafupifupi aliyense wolemba kapepalako amamuimbira. Mkazi amamuitanira dala, kuti bambo asathawire kunena kuti "ndikafunse kaye kunyumba". Akaona kuti mwatopa, amatsitsa mtengo nkunena kuti ndi wa lero lokha. Tchuthi chaulerecho nthawi zambiri thiransipoti ndi chakudya umadzilipirira, masiku akenso amasankha okha.

Chondiwawa ine ndi levi, ndalama yokonzera malowo. Imalipidwa chaka ndi chaka, upite usapite, ndipo imakwera. Ukafuna kugulitsa sabata yakoyo, ogula amasowa. Inunso mungalipire marandi kuchokera ku Luwinga chifukwa cha nyanja, chonsecho Nkhata Bay ili pamphuno?

Mwayi wake ngwakuti wasaina dzana. Lamulo loteteza ogula la ku South Africa la 2008 limapereka masiku 5 ogwira ntchito oti munthu athetse mgwirizano womwe ogulitsa anachita kumutsata okha, osalipira chindapusa. Limaletsanso kuuza munthu kuti wawina pomwe mphatsoyo ili ndi zobisika. Muimbireni lero, alembe kalata kapena imelo yothetsa, asunge umboni wa tsiku lomwe watumiza. Zapakamwa amakana. Akamuzembazemba, akadandaule ku National Consumer Commission, bungwe lomwe mu 2017 linayamba kufufuza malonda amenewa madandaulo atachuluka.

Nanu akakuimbirani oterewa kuno kwathu, kodandaula ndi ku Competition and Fair Trading Commission.