Mafani angozungulira pang'ono, kompyuta n'kuzima

FUNSO: Akonzi, ndinagula zipangizo, chilichonse pachokha, n'kulumikiza ndekha kompyuta: purosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B450, ma RAM awiri a DDR4 a 8GB iliyonse, graphics card ya RX 6600, ndi power supply ya mawati 450 yomwe ndinachotsa m'kompyuta yakale. Ndikadina batani, mafani amazungulira masekondi awiri kapena atatu, kenako zonse zii. Pasikirini sipaoneka kanthu. Anzanga akuti motherboard inapsa, ndigule ina. Ndichite bwanji?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Kompyuta yolumikizidwa kumene ikamazima chonchi, kawirikawiri vuto limakhala pa nthambo yomwe sinalowe bwino, pa chitsulo chokhudza pamene sichiyenera kukhudza, kapena pa power supply (bokosi lopereka magetsi ku zipangizo zonse) yotopa.

Mwachita bwino kuwerenga masekondi, chifukwa amatiuza koyambira. Ikangophethira n'kuzima isanathe ngakhale sekondi imodzi, ndiye kuti power supply yapeza shoti ndipo yadzitseka yokha kuti zinthu zisapse. Ikamatha masekondi makumi awiri kapena kuposa apo, ganizirani za kutentha kwa purosesa. Yanuyi ili pakati, choncho yambirani pa nthambo. Musanagwire chilichonse mkatimo, zulani pulagi kukhoma.

Motherboard, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, imalandira magetsi kudzera pa nthambo ziwiri. Yaikulu ya mapini 24 aliyense amaiona. Ya mapini 8 yodyetsa purosesa, yomwe imalowa pakona ya pamwamba chakumanzere, ndi imene anthu amaiwala kapena kuisokoneza ndi ya graphics card. Ya purosesa imagawika pakati, mapini 4 ndi 4, ndipo imalembedwa CPU. Ya graphics card imagawika 6 ndi 2, imalembedwa PCIe. Zimaoneka ngati zofanana koma mawaya ake a 12V ali mbali zosiyana, ndiye ikakana kulowa musaikakamize. Kankhani iliyonse mpaka kambedza kake kagwire.

Zikapanda kusintha, itulutseni m'bokosi. Anthu ambiri amachita ulesi pamenepa, komatu njira imeneyi ndi yomwe imaulula vuto mwachangu. Ikani motherboard pamwamba pa katoni yomwe inabweramo. Siyanipo purosesa ndi cooler yake yoiziziritsa, RAM imodzi yokha mumpata wachiwiri kuchokera pa purosesa, umene pa motherboard zambiri umalembedwa A2, ndi nthambo ziwiri zija. Zina zonse chotsani: SSD, graphics card, nthambo za USB ndi za mabatani akutsogolo. Poyatsa, khudzitsani nsonga ya sikuludiraiva pa mapini awiri olembedwa PWR_SW, pomwe pamalowa nthambo ya batani loyatsira, kwa kamphindi kochepa. Dziwani kuti Ryzen 5 5600 ilibe graphics yakeyake, choncho chithunzi sichibwera. Chomwe mukufuna kuona n'chakuti mafani akupitiriza kuzungulira kapena ayi.

Akapitiriza, vuto lili m'zomwe mwachotsazo kapena m'bokosi. Yang'anani timizati tamkuwa tomwe motherboard imakhalapo. Kalikonse kazikhala pansi pa bowo la sikuluu basi. Kamodzi kotsalira pamalo opanda bowo kamakhudza kunsi kwa motherboard n'kuchititsa shoti. Batani lokakamira mkati nalonso limazimitsa kompyuta pakatha masekondi anayi kapena asanu, chifukwa motherboard imaona ngati munthu walidina osasiya. Bwezerani zipangizo chimodzi, n'kuyatsa, kenako china. Chomwe chizimitsenso kompyutayo ndicho chili ndi mlandu.

Akazimabe, sinthani RAM ndi inzakeyo, n'kuyesanso mumpata wina. RAM imafuna mphamvu poikankha, mpaka zotsekera zilire. Kenako chotsani batire lozungulira la CR2032 kwa mphindi zisanu kuti BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yomwe imadzutsa kompyuta, ibwerere mwakale. Masulani cooler muone ngati kapulasitiki kotchinga kunsi kwake munakachotsa, ndiponso ngati fani yake yalowa pa CPU_FAN. Pozula cooler muziipotoza pang'onopang'ono, chifukwa pa AM4, soketi yomwe purosesa yanuyi imakhalamo, purosesa imatha kuzuka nayo limodzi mapini n'kupindika. Pobwezera, pukutani thermal paste yakale, kaphala kopaka pakati pa purosesa ndi cooler, n'kuika yatsopano yaikulu ngati njere ya nandolo.

Ife tikuikayikira kwambiri power supply yanuyo. AMD, kampani yomwe inapanga RX 6600, imati graphics card imeneyi imafuna power supply ya mawati 450, koma nambala yaikulu yolembedwa kunja si yokwanira kuidalira. Werengani pepala lomatidwa pambali pake, pezani pamene alemba +12V, muchulukitse ma amp ake ndi 12. Ngati alemba 18A, ndiye kuti ndi mawati 216 okha, pamene graphics card yokha imadya pafupifupi 132 ndipo purosesa 65 kapena kupitirira pang'ono. Pamenepo sipatsala kanthu, makamaka kwa power supply yomwe yakalamba kale.

Kuti muiyese payokha, izuleni ku chilichonse, mulumikize waya wobiriwira wa pa nthambo ya mapini 24 ndi wakuda woyandikana nawo pogwiritsa ntchito kawaya kopanira mapepala, ndiye muyatse. Ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, waya wachikasu uzionetsa pakati pa 11.4V ndi 12.6V, wofiira pakati pa 4.75V ndi 5.25V, wa olenji pafupi ndi 3.3V. Ngakhale ipambane mayeso amenewa, itha kugwabe ikasenza katundu, ndiye kubwereka ya mnzanu yomwe ikugwira ntchito n'kwabwino koposa. Ngati ili ya nthambo zozuka, mubwereke ndi nthambo zake zomwe, musasakanize ndi zanu. Ndipo chonde power supply musaitsegule. Ma capacitor ake amasunga magetsi oti n'kuvulaza munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Pali chinanso chokhudza zipangizo zanuzi. B450 inatuluka mu 2018, pamene mapurosesa a Ryzen 5000 anayamba kutuluka kumapeto kwa 2020. Motherboard yomwe inapangidwa kale siingazindikire 5600 mpaka BIOS yake itasinthidwa. Onani ngati pakatoni pali chomata cha Ryzen 5000 Desktop Ready. Ngati palibe, ma motherboard ena ali ndi batani kumbuyo loikira BIOS yatsopano kuchokera pa flash ya FAT32 popanda purosesa. Yopanda batanilo imafuna kuti muikemo kaye purosesa yakale, monga ya Ryzen 2000, n'kusinthira BIOS pamenepo.

FUNSO: M'bale wanga wa ku America wanditumizira power supply. Kumbuyo kwake kuli kaswitchi kofiira kolembedwa 115. Ndingoilumikiza?
Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Ayi ndithu. Magetsi a ku America ndi a 120V, a kuno ndi a 230V. Mukailumikiza kaswitchiko kali pa 115, iphulika nthawi yomweyo. Kasuntheni ndi nsonga ya sikuludiraiva mpaka 230 ionekere, pulagi isanafike kukhoma. Power supply zatsopano zolembedwa 100-240V zilibe kaswitchi kameneka, zimadzisinthira zokha, ndipo chofunika n'kungogula nthambo ya pulagi yathu ya mano atatu.