Yankho pa funso la hadi disiki ya IDE yomwe yayamba kuchedwa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe hadi disiki yanu ya IDE, imene iyenera kufika 100 MB pa sekondi, ikungolekeza pa 33 MB komanso ikumaima pokopera mafayilo kuyambira tsiku lomwe munaika kebulo yotalika masentimita 90. Langizo langa ndi lakuti musafulumire kutaya disikiyo, koma muyambe mwasintha kebuloyo.

IDE, yomwe imatchedwanso Parallel ATA, imatumiza mabiti (tizidutswa ting'onoting'ono ta uthenga) 16 nthawi imodzi, biti iliyonse pa waya wakewake, ndipo magetsi a pa waya uliwonse amayezedwa poyerekeza ndi ground, waya womwe magetsi ake amawerengedwa ngati ziro. Popeza mawayawo ndi ogundizana mkati mwa kebulo yooneka ngati lamba, liwiro likakwera magetsi a waya wina amalowerera pa unzake n'kusokoneza uthenga, ndipo vutoli limakula kebulo ikatalika. N'chifukwa chake malamulo a ATA salola kebulo kupitirira mainchesi 18, omwe ndi pafupifupi masentimita 46. Yanuyo yatsala pang'ono kuwirikiza muyezo umenewu kawiri.

Kuyambira pa Ultra DMA 66 (liwiro la 66 MB pa sekondi) kupita m'mwamba pamafunikanso kebulo ya mawaya 80. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, chifukwa mabowo a pulagi amakhalabe 40. Mawaya 40 owonjezerawo onse ndi a ground, ndipo amawayala pakati pa mawaya onyamula uthenga kuti akhale ngati mpanda wowalekanitsa. Kompyuta imazindikira mtundu wa kebulo kudzera pa pini nambala 34 ya pa pulagi, ndipo ikapeza ya mawaya 40 imatsitsa dala liwiro kufika pa 33 MB. Nambala yomwe mwatchulayo ndi imene ikundichititsa kukhulupirira kuti kebulo yanu ndi ya mtundu wakalewu.

Mugule ya mawaya 80 yaifupi. Pulagi ya buluu mulumikize ku motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta), yakuda ya kumapeto ku disiki ya master (yoyamba), ndipo yotuwa ya pakati muisiyire slave (disiki yachiwiri) ngati ilipo. Disiki ikakhala imodzi musaiike pakati, chifukwa mbali yolendewera yopanda kanthu imabweza magetsi m'mbuyo n'kuwonjezera chisokonezo. Muonenso jumper (kapulasitiki kakang'ono kolumikiza mapini) kuseri kwa disiki kuti ili pa master kapena cable select (pomwe malo a disiki pa kebulo ndi omwe amasankha ngati ndi master kapena slave).

Ikangoyamba kuyenda bwino, chonde mukopere mafayilo anu onse tsiku lomwelo, pakuti disiki ya IDE iliyonse yomwe ikugwirabe ntchito lero ndi yokalamba. Ya SATA, yomwe idalowa m'malo mwa IDE ndipo idayamba kufala cha m'ma 2003, imatumiza uthenga pa mawaya awiriawiri a magetsi otsutsana ndipo imalola kebulo ya mita imodzi, choncho ndi komwe ndingakonde kuti musamutsire ntchito yanu.