Za mpweya wa carbon dioxide pounika matumbo aakulu

Achemwali a ku Chinamwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti bambo anu sadzamva kuwawa kwambiri akadzawaunika matumbo ndi kamera pogwiritsa ntchito carbon dioxide. N'zoona ndithu, koma phindu lake lalikulu limaoneka akamaliza kuwaunika.

Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita 1.5, ndipo likakhala lopanda kanthu limafwapha, makoma ake n'kukhudzana. Kuti kamera ione bwino, adokotala amalipopa. Akapopera mpweya wamba, vuto ndi loti 78 peresenti yake ndi nitrogen, yomwe thumbo limachedwa kuiyamwa. Ndiye munthu amatuluka mimba ili ndendende ngati ng'oma, ikupota, mpaka ataphwisa wonse. Carbon dioxide imalowa m'magazi mofulumira kuposa pamenepo maulendo oposa 100, n'kutulukira m'mapapo popuma. Pakatha ola limodzi ambiri mimba imakhala itaphwa. Komanso carbon dioxide siyaka moto, zomwe zimathandiza akamawotcha timinofu tomera m'thumbo.

Koma kuwawa kwa pamene paipi ya kamera ikulowa n'kwina. Kumunsi kumanzere thumbo ndi lokhotakhota, paipi imapindika n'kulikoka. Apa mpweya sungathandize. Chothandiza n'kubweza paipi kuti iwongoke, kumutembenuza wodwala agone chagada, namwino kukanikiza pamimba, ndi jekeseni woziziritsa ululu. Muwauze bambo kuti pakapweteka anene, asadzilimbitse mtima.

Cholakwika chofala ku mbali ya makina n'kuiwala kuzimitsa pampu ya mpweya wamba silinda ya carbon dioxide itatsegulidwa. Mipweya iwiri imasakanikirana, phindu lonse n'kutha.

Funsiranitu ku chipatala ngati ali ndi silinda ndi makina ake, pakuti si konse aliko. Ngati bambo ali ndi matenda okhalitsa a m'mapapo, neneranitu. Masiku atatu tsikulo lisanafike asiye nyemba, nkhwani, magwafa ndi nsima ya mgaiwa, adye ya ufa woyera. Mankhwala otsuka m'mimba amwe onse, ngakhale sakoma, mpaka chimbudzi chizituluka madzi oyera. Thumbo losatsukika bwino limachedwetsa ntchito, ndipo amapopera mpweya wambiri.

Akabayidwa jekeseni uja asakwere okha kabaza kapena minibasi, muwaperekeze. Kunyumba mimba ikauma gwa, ululu n'kumakula, thupi kutentha kapena magazi kutuluka ambiri, thamangirani ku chipatala usiku womwewo, mwina thumbo labooka.